Makadi Awiri ndi Nyimbo Yachisanu

Zinayamba Lachiwiri loyamba la mwezi wa Okutobala, zaka ziwiri zapitazo, itangokwana 10 koloko m'mawa. Minibasi inaima pa siteji ya ku Senga Bay, kondakitala n'kundipatsira katoni yomata ndi selotepi mbali zonse. M'katonimo munalibe botolo la mowa. Ndikunena zimenezi chifukwa ambiri a ife amene takhala pa mabenchi ano, tikafunsidwa pamene tinagwera, timatchula botolo loyamba. Ine ndinagwa botolo lisanafike.

Dzina langa ndine Kalima. Ndili ndi kasitudiyo pafupi ndi msika wa nsomba. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za makwaya. Si ine munthu wa mawu ambiri, choncho mundipirire.

M'katoni muja munali girafikisi kadi. Kwa amene simunaionepo, ndi chipangizo chooneka ngati njerwa yopyapyala, chokhala ndi mafani ake, chimene timazika m'kati mwa kompyuta ya patebulo. Chilichonse chooneka pa sikirini chimadutsa m'menemo. Kwa ife okonza makanema, kadi ndiyo imasenza katundu wolemera pa nthawi yorenda, ndiye kuti pamene kompyuta ikusoka zidutswa zonse zimene tajambula kuti zikhale kanema mmodzi womalizika.

Ndinali nayo kale kadi ina, yaing'ono, yokalamba. Inkagwira ntchito, koma mwaulesi. Yatsopanoyi anandigulira msuweni wanga ku Joni, yogwiritsidwapo kale ntchito, yaikulu, ya kampani ina. Kuti ifike ndinagulitsa njinga yanga yamoto.

Munthu wofunsa akanauzidwa chochita. Ine sindinafunse. Ndinakulira ku Chitala ndikuyendetsa ngolo ya atate, ndipo ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene sindinkachikayika: ng'ombe imodzi imakoka, ziwiri zimathamanga. Nditatsegula kompyuta ndinapeza malo achiwiri opanda kanthu pansi pa kadi yakale. Ndinati goli ndi limeneli. Ndinazika yatsopanoyo pamenepo. Mlungu womwewo ndinaitana wolemba zikwangwani, n'kulembetsa pakhoma la situdiyo ndi penti yofiira kuti: MAKADI AWIRI, LIWIRO KAWIRI.

Panatsala kachingwe kamodzi kopatsira moto kadi yaikuluyo. Ndinapita kukakagula ku Salima, kwa Mai Asiyatu. Ena mukuwadziwa. Ali ndi kashopu kokonzera mafoni ndi makompyuta kuseri kwa depoti. Kale ankagulitsa usipa kuno kwathu, kenako anayamba kukonza mafoni, n'kupita kukaphunzira za makompyuta ku Lilongwe ali kale ndi ana atatu. Atamva chimene ndinkafuna, anandifunsa funso limodzi.

"Pawa sapulayi yanu ndi yamphamvu bwanji, a Kalima? Kabokosi kogawa moto kaja, kangathe kudyetsa onse awiri?"

Ndinayankha pamaso pa makasitomala awo. "Mayi, ine ndinayamba kugwira kompyuta inu mukuyanika usipa pa thandala. Ndipatseni kachingweko."

Anandipatsa. Anangoti, "Muyende bwino."

Nthawi imeneyo ndinali ndi ntchito imodzi yaikulu. Mu Seputembala ndinali nditajambula kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu, nyimbo zisanu ndi zitatu. Wotsogolera anali Mai Nachisale, mayi wa mawu oti akayamba, ngakhale ogulitsa mandasi panja amasiya kuitanira. Nyimbo yachisanu inali yawo yokondedwa, ndipo ndinafuna kuikongoletsa koposa zonse. Ndinasanjikiza zithunzi zinayi pa sikirini imodzi, ndi utoto wosinthasintha, kuti anthu aone chimene makadi awiri angachite.

Ndinayamba kurenda. Nyimbo yoyamba inadutsa. Yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Itafika yachisanu, pamene Mai Nachisale akukweza dzanja n'kutsegula pakamwa, kompyuta inazima. Zii. Ndinayatsanso. Inadutsa zinayi zija, n'kuzimanso pamalo omwewo.

Kuyesa kamodzi kunkatenga maola atatu. Maola atatuwo palibe chimene ungachite, umangoyang'ana kamzere kakuyenda pang'onopang'ono. Tsidya la msewu pali benchi, pansi pa mtengo wa mango, pamene amagulitsa timabotolo ta mowa. Ndinkati ndikungodikira kompyuta. Kabotolo kamodzi pa kuyesa kumodzi. Kenako tiwiri. Pofika Novembala, ndinkayatsa kompyuta n'cholinga choti ndipeze chifukwa chowolokera msewu.

Mu Disembala Mai Nachisale anadwala masiku asanu, n'kumwalira. Pamaliro amayi a kwaya anandikoka pambali. Anati banja lakonza kudzamanga chiliza mu Ogasiti, ndipo likufuna kanemayo aonetsedwe tsiku limenelo. Ndinati watsala pang'ono. Sindinawauze kuti timakadi tosungira zithunzi ta m'makamera ndinali nditafufuta kale kuti ndijambulire maukwati. Nkhope ya mayiyo ikuyenda, mawu ake akumveka, zinali pamalo amodzi okha padziko lonse: pa hadi disiki ya kompyuta imene inkazima mwadzidzidzi kawiri kapena katatu pa tsiku.

Zotsatira zake mukuzidziwa, chifukwa zimafanana kwa tonsefe. Ukwati wina ndinafika mochedwa, akwati atalumbira kale. Wina ndinajambula mapazi a anthu. Makasitomala anayamba kupita ku Salima. Akazi anga, mayi a Tadala, analeka kundifunsa za ntchito, n'kuyamba kudzuka 4 koloko kukapikula tomato. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, amayi oyanika nsomba anandipeza ndili gone pansi pa thandala, nditadzinyowetsa. Anandifunditsa chiguduli kuti ana a sukulu asandione. Ndinali mkulu wa mpingo, abale anga. Ndinkawerenga mawu Lamulungu.

Koma pansi penipeni sipanali pamenepo. Pansi penipeni panali pa benchi paja, mwezi wa Meyi. Panali msodzi wina wanthabwala, dzina lake Saidi. Analoza khoma la situdiyo yanga n'kuwerenga mokweza.

"Makadi awiri, liwiro kawiri! Koma kanema mmodzi miyezi isanu ndi iwiri! Achimwene, mukanakhala ndi makadi anayi bwenzi tikudikira mpaka Yesu adzabwere, ine Msilamu n'kumuona nawo!"

Benchi yonse inafa ndi phwete. Ndiye ndinanena mawu amene ndabwera kudzaulula pano.

"Si kompyuta ayi. Ndi malemuwo akukana. Imazima pamene iwo atsegula pakamwa. Bwerani mudzaone nokha."

Kuseka kunatha. Ena anabweradi kudzaona, kompyuta n'kuzima pamalo omwewo, iwo n'kutuluka atagwira pakamwa. Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Anasiya kundiseka, anayamba kundimvera chisoni. Bodzalo linayenda msanga kuposa kanema aliyense amene ndinapangapo. Pasanathe milungu iwiri, anthu ankati malemu anapita ndi mkwiyo. Ena ankafunsa kuti kunyumba kwawoko kunkachitika zotani.

Lolemba lina la mu Julayi, mwera ukuwomba, ndinali nditangotsegula situdiyo. Ndinali nditamwa kale kamodzi koletsa manja kunjenjemera. Ndinamva njinga ikutsamiritsidwa pakhoma. Analowa a Mbewe, amuna awo a malemu. Ndi mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, mmisiri wokhoma mabwato. Anavula chipewa. Ndinawapatsa mpando, ndipo ndinali nditakonza kale pakamwa kuti ndinene za kuzimazima kwa magetsi.

Sanafunse za kanema. Ankatembenuza chipewa m'manja.

"A Kalima, ndamva kuti mayi akukana."

Anaika chipewa pa bondo n'kupitiriza.

"Ndakhala ndikuwerenga zaka zonse, chimodzichimodzi. Tinakhala zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndinawakalipirapo, inde. Chaka cha njala ndinagulitsa mbuzi yawo osawauza. Pamene ankadwala, tsiku loyamba ndinati ndi malungo wamba, tidikire kuche. Mwina ndi chimenecho." Anandiyang'ana. "Inu mumawaona tsiku lililonse m'makina anuwa. Nkhope yawo ikuoneka bwanji? Ikuoneka yokwiya?"

Abale, ndinatukwanidwapo, ndinamenyedwapo pa benchi paja. Palibe chinandipweteka ngati funso limenelo. Munthu wosalakwa anakhala miyezi iwiri akudzizenga mlandu usiku ndi usana, chifukwa ine ndinkachita manyazi kunena kuti sindikudziwa kukonza kompyuta yanga.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaulula pomwepo. Ayi. Ndinangoti, "Sikuoneka yokwiya, bambo." Anagwedeza mutu, anavala chipewa, n'kukwera njinga yawo.

Ndinakhala pampando mwina theka la ola. Kenako ndinazula zingwe zonse, ndinakulunga kompyuta m'chitenje cha akazi anga, n'kuitana kabaza kuti andifikitse pa siteji. M'minibasi ndinaifungatira pamiyendo ngati mwana wodwala mpaka ku Salima.

Mai Asiyatu anali akuwotcherera foni ya munthu. Atandiona pakhomo ndi katundu wanga, anachotsa magalasi. Ndinadikira kuti anene za usipa. Anali ndi ufulu wonse. Anangosuntha zinthu patebulo n'kuti, "Ikani apa."

Ndinayamba kufotokoza za makadi. Anandidula.

"Makadi adikire. Zimene zili m'katimu, zilinso kwina?"

"Ayi."

"Kwina kulikonse? Pa fulashi? Pa foni?"

"Ayi, mayi."

"Subhanallah. Ndipo yakhala ikuzima mwadzidzidzi kuyambira Okutobala?"

Sanaiyatse n'komwe kompyutayo. Anaitsegula, anachotsa hadi disiki ndi manja awiri, anailumikiza ku kompyuta yawo, n'kuyamba kukopera zonse pa disiki ina. Anandiuza kuti kuzima kulikonse kunali ngati kumenya disikiyo khofi ili m'kati molemba, ndipo tsiku lina ikanangokana kudzuka. Kukoperako kunatenga maola awiri. Sanalole kuti ndikhudze tebulo. Itakwana nthawi ya swala ya masana, anandiuza kuti ndikhale pampando manja ali pamaondo, iwo n'kulowa kuseri kukapemphera. Atabwerako anatsegula mafayilo onse, limodzi ndi limodzi, kuona ngati akuseweredwa. Onse anali amoyo.

"Alhamdulillah," anatero. "Tsopano tiyeni tione ukwati wanuwu."

Anawalitsa tochi m'kati mwa bokosi. Makadi awiri aja anali othinana moti chala sichikanalowa pakati. Mafani anali atamatidwa ndi fumbi ndi tizilombo touma ta kunyanja.

"A Kalima, inu ndinu mkulu wa mpingo, eti?"

"Ndinali."

"Nanga mitala mwaiyamba liti?"

Makasitomala awiri amene anali pabenchi anaseka. Inenso ndinaseka, koyamba pa miyezi yambiri.

"Ife kwathu mitala ndi yololedwa," anapitiriza, "koma pali lamulo. Uzitha kuwadyetsa onse, ndipo aliyense akhale ndi khomo lake. Inu mwatenga akazi awiri, a mitundu yosiyana, osamvana chilankhulo, mwawatsekera m'chipinda chimodzi chopanda zenera, ndi mbale imodzi. Ndiye mukudabwa kuti m'nyumba muli phokoso?"

Ndinawauza za ngolo ya ku Chitala. Sananyoze. Anati maganizowo si opusa, kungoti kompyuta si ngolo. Anandifotokozera mofatsa, akuloza chilichonse ndi nsonga ya sikuludiraiva. Kale, anati, anthu a magemu ankalumikizadi makadi awiri kuti akoke pamodzi. Koma ankayenera kukhala ofanana ngati mapasa, a kampani imodzi, nthawi zambiri olumikizidwa ndi kamlatho pamwamba, ndipo ngakhale pamenepo liwiro silinkafika kawiri. Masiku ano mapulogalamu ambiri anazisiya zimenezo. Anatinso memole ya makadi siphatikizana. Ine ndinkawerengera ya uyu ndi ya uyo pamodzi ngati matumba a chimanga. Iwo anati kadi iliyonse imagwira ntchito ndi nkhokwe yakeyake.

Kenako anandionetsa zolakwa zanga, ndipo zinali zinayi. Kadi yaikulu ndinaizika pamalo apansi, amene pa kompyuta yangayo njira yake ndi yopapatiza, pamene yaing'ono inakhala pamalo apamwamba, a msewu waukulu. Chingwe cha sikirini chinali chikadali pa kadi yakale, choncho ntchito zambiri zinkapita kwa yakaleyo, yatsopano ili gone. Sindinauzepo pulogalamu yokonzera makanema kuti igwiritse ntchito iti, ndinaisiya izisankha yokha. Ndipo chachinayi, anandiwerengetsa ndekha chikalata chomata pa pawa sapulayi. Mphamvu yake inali yokwanira kadi yaing'ono ija basi.

"Nanga n'chifukwa chiyani imazima pa nyimbo yachisanu yokha?" Ndinafunsa motsitsa mawu.

Anandiyang'ana. Ndinadziwa kuti nkhani ija inawafika.

"Ndinamva," anatero. "Inafika kuno kale. Bambo wina anabweretsa foni yake sabata yatha akuti nayonso yagwidwa ndi mzimu. Inali batire." Anakoka mpando. "Khalani apa muone."

Anabwezera disiki, anapukuta mafani, n'kuyatsa. Anatsegula kawindo kosonyeza mmene kadi iliyonse ikugwirira ntchito, timizere tiwiri. Anayamba kurenda chakumapeto kwa nyimbo yachinayi. Kamzere ka kadi yaing'ono kanali pamwamba, ka yaikulu kali pansi phee. Itayamba nyimbo yachisanu, pamene ndinasanjikiza zithunzi zinayi ndi utoto uja, kamzere kachiwiri kanalumpha. Mafani analira. Kompyuta inazima.

"Mwaona? Pamenepo katundu walemera, pulogalamu yadzutsa wamkuluyo kuti athandize. Onse awiri afuna chakudya nthawi imodzi. Kabokosi aka kaona kuti kapsa, ndiye kadziteteza pozima. Kakhala kakukupulumutsani miyezi yonseyi, inu mukukatukwana."

Anatenga pawa sapulayi yawo yoyesera, yaikulu, anailumikiza zingwe zili panja, n'kuyambanso pamalo omwewo. Kamzere kanalumpha. Mafani analira. Mai Nachisale anakweza dzanja, anatsegula pakamwa, ndipo anaimba. Anaimba vesi lonse. Pakati pa vesi anatembenukira kwa amayi a kumbuyo n'kumwetulira, chifukwa wina anali atalowa msanga. Kumwetulira kumeneko ndinali ndisanakuonepo m'kanema womalizika.

Ndinalira pamaso pa anthu ogula mabatire. Mai Asiyatu sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa kasitomala wina n'kuyamba kumufunsa za foni yake, mpaka ine nditapukuta m'maso.

Nditapeza mawu ndinati, "Mayi, tsiku lija ndinakunyozani. Za usipa zija."

"Munanama pati? Ndinkayanikadi usipa. Ndiwo unandigulira sikuludiraiva yoyamba." Anayamba kuzula pawa sapulayi yawo. "Iyi sindingakubwerekeni, ndimagwirira ntchito. Ndiitanitsa yanu ku Lilongwe, ifika m'masabata awiri, Inshallah. Kompyuta itsala kuno. Koma ndikuuzeni, achimwene, ndipo musakwiye. Fungo limene mwalowa nalo muno ndalimva. Manja anuwo ndawaona. Sindingaike chipangizo chatsopano m'nyumba imene mwini wake angachithire mowa. Kompyuta ndikonza ine. Zinazo, ndi za mzimu wa malemu zija, mukakonza nokha."

Ndakumana ndi anthu ophunzira ambiri pa moyo wanga. Sindinaonepo munthu wodziwa ntchito yake ngati mayi amene uja, wosadzitama nayo, wodziwanso pamene ntchito yake yathera.

Tsopano ndinene zimene ndinachita m'masabata awiriwo, chifukwa ndi zimene zingathandize wina pano.

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi a Tadala zonse, kuphatikizapo bodza lija. Sanalankhule nane mpaka mawa lake. Kenako anandiperekeza kuchipatala. Musanyoze zimenezi. Adokotala anandiuza kuti munthu amene thupi lake lazolowera kumwa m'mawa uliwonse, kusiya yekha mwadzidzidzi kungathe kumugwetsa. Anandipatsa mankhwala ndi masiku obwererako. Masiku anayi oyamba ndinatuluka thukuta ngati wa malungo. Kiyi wa situdiyo ndinapereka kwa akazi anga. Ndinasiya kudutsa njira ya pa mtengo wa mango, ndinkazungulira kuseri kwa chigayo ngakhale ndi kutali. Ndinagula penti yoyera n'kufufuta ndekha mawu aja pakhoma, masana, anthu akuona. Saidi anafuula ali tsidya kuti, "Mwasudzula mmodzi, achimwene?" Ndinamuyankha kuti nkhani ili kwa ankhoswe. Loweruka ndinabwera koyamba pa gulu lino, ndinakhala pa benchi ya kumbuyo uko.

Ndinagwa kamodzi, tsiku lachisanu ndi chinayi. Sindibisa. Ndinamwa tiwiri kwa munthu wina ku Salima road, ndinabwera kunyumba n'kunena ndekha ndisanafunsidwe. M'mawa mwake ndinayambanso kuwerenga masiku kuchokera pa chimodzi.

Pawa sapulayi itafika, Mai Asiyatu anakana kumanga okha. Anati ndimange ine, iwo akuyang'ana. Kadi yaikulu inapita pamalo apamwamba, ndipo sikirini yanga yogwirira ntchito inalumikizidwa kwa iyo. Ndinafunsa ngati yaing'onoyo tiitaye.

"Yalakwa chiyani? Ipatseni khomo lake."

Tinaizika pamalo apansi penipeni, kusiya mpata woti mpweya uzidutsa, n'kuilumikiza ku sikirini yachiwiri, imene makasitomala amaonerapo zithunzi zawo posankha. Tinafufuta madiraiva onse akale, timapulogalamu timene timathandiza kompyuta kulankhula ndi kadi, n'kuika atsopano, a kadi iliyonse payokha. Kenako anandionetsa malo awiri osankhira. Ena ali m'makonzedwe a kompyuta, pamene umatchula pulogalamu n'kunena kuti iyi izigwiritsa ntchito kadi yamphamvu, iyi yosawononga moto. Ena ali m'kati mwa pulogalamu yokonzera makanema. Pamenepo tinachotsa zoti izisankha yokha, tinasankha yaikulu yokha.

Anandilembera pa kapepala zoti ndizikumbukira ndikafuna kugula kadi ina. Ndiyambe ndafunsa chimene pulogalamu yanga imafuna, osati chimene mnzanga wagula. Ndione memole ya kadiyo payokha. Ndiwerenge mphamvu ya pawa sapulayi ndisanatulutse ndalama. Ndiyeze ngati ikwana m'bokosi. Kadi imodzi yabwino imaposa awiri osamvana. Ndipo pansi pake analemba kuti kukayamba kutentha mu Okutobala, ndizipukuta mafani sabata iliyonse, ndipo bokosi likatentha kwambiri, yaing'onoyo ipite kutchuthi mpaka mvula itagwa. Pomaliza anandipatsa disiki imene anakoperapo mafayilo aja. Anati chinthu chimene chili pamalo amodzi okha, ndichiyese chotayika kale.

Anandichenjezanso za chinthu chimene sichinali cha kompyuta. Anati, "Maola odikira aja ndiwo anakudyani. Muwapezere ntchito." Mpaka lero, ndikayamba kurenda, ndimatenga tsache kapena ndimapita kukathandiza akazi anga pa benchi ya tomato. Sindikhala ndikuyang'ana kamzere.

Lachinayi, kutatsala masiku khumi kuti chiliza chimangidwe, ndinayamba kurenda kanema yense itangokwana 9 koloko. Ndinatseka situdiyo, ndinapita kukasanja tomato. Ndinabwerako nditatha ola limodzi ndi theka. Ndinapeza kompyuta ili chiyakire, mafani ali phee. Nyimbo zonse zisanu ndi zitatu zinali zitatha. Ndinaonera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndinakopera pa mafulashi atatu, imodzi ndinapatsa mayi a Tadala kuti asunge m'chikwama chawo.

M'mawa mwake ndinadzuka, ndinasamba, ndinavala malaya oyera. Ndinabwereka laputopu kwa aphunzitsi oyandikana nafe, n'kuyenda wapansi mpaka kwa a Mbewe. Ndinawapeza pabwalo akupala thabwa. Anandipatsa mpando. Ndinakana, ndinakhala pansi.

"Bambo, kanema ndabwera naye. Koma musanamuone, pali mawu. Mayi sanakanepo. Chinkazimitsa kompyuta ndi kabokosi ka moto kamene kanali kochepa mphamvu, ndipo ndinachenjezedwa, ine n'kukana kumva. Za mzimu zija ndinapeka ine, ndili woledzera, pothawa kusekedwa. Inu simunalakwe chilichonse. Lamulungu ndikanena zomwezi kutchalitchi, ndipo ndikanenanso pa benchi pamene ndinazinenera."

Anaika pansi chopalira. Anayamba kuchotsa tizipalo ta thabwa pa thalauza, kamodzikamodzi.

"Masana ndinkadziwa kuti ndi bodza," anatero. "Mayi aja kukana kuoneka pa kanema? Anasita nsalu yawo ya kwaya kawiri tsiku lojambula lija. Masana ndinkadziwa. Koma usiku ndinkaiwala."

Anaitana mwana wawo wamkazi amene anali kuseri kuti abweretse mpando wina, ndi chitenje chotchinga dzuwa kuti sikirini ioneke bwino. Anapukuta manja pa malaya, anakhala, n'kusendera pafupi.

"Musayambe ndi yoyamba," anatero. "Ikani yachisanuyo."

Ndinaika yachisanu.